Khutu ndi Lole ya Mlamu Wake

Ndamudziwa Khutu kwa zaka makumi anayi ndi zitatu, kuyambira tili anyamata opanda ndevu mpaka lero pamene tonse tikuyenda mokoka miyendo. Anthu amakamba zambiri za iye, ena kuwonjezera, ena kuchotsera. Ine ndilemba zimene zinachitika, ndipo sindimukometsa, chifukwa sanali munthu wokoma.

Dzinali analitengera pa ntchito. Galimoto ikabwera ikulira molakwika, sankafunsa mwiniwake kuti vuto n'chiyani. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kuika pakhutu, n'kutsinzina. Akatsegula maso ankangoti, "Yachitatu," kapena, "Yakumapeto," ndipo akavundukula ankapezadi kuti ndi pomwepo.

Ntchito imene ankadziwika nayo inali yotchuna matapeti. Pamwamba pa injini, kunsi kwa chivindikiro, pamakhala timikono tachitsulo tondandana, timene amakaniko amati maroka. Injini ikamayenda timikonoti timawerama ndi kudzuka, kukankha mavalavu kuti azitseguka ndi kutsekeka. Pakati pa kamkono ndi valavu pamayenera kutsala kampata kochepa ngati kukhuthala kwa chikhadabo, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka. Kukonza mpata umenewu ndiko kutchuna matapeti. Mpatawo ukakula, injini imagogoda ngati makina osokera. Ukatheratu, injini imakhala chete bwinobwino, koma valavu simatsekeka yonse, moto umadutsa m'mbali mwake ndipo imapsa. Poyeza amalowetsapo kachitsulo kopyapyala kotchedwa fila, ndipo zala ndi zimene zimamva ngati kakudutsa mokakamira pang'ono momwe kayenera. Maso pamenepo sathandiza.

Anamuphunzitsa ndi malume ake, amene analera iye ndi achemwali ake makolo awo atamwalira. Malumewo sankalongosola chinthu kawiri. Akapeza mpata wolakwika ankagwira dzanja la Khutu, kuligoneka pa chitsulo cha galimoto, n'kumenya mfundo za zala ndi sipanala yawo yaikulu. "Kuti zala zimve," ankatero. Tsiku lina ataiwala kumanga nati imodzi anamutema nayo pamphumi, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero. Malamulo awo anali atatu. Injini yotentha sikhudzidwa, iyambe yazizira. Injini imazungulitsidwa ndi manja, osati ndi sitata yolizira galimoto. Ndipo munthu asanapise dzanja m'kati, kiyi wa galimotoyo amangidwe pachingwe n'kukolekedwa pakhosi pake, kuti wina asalize. Khutu anatenga malamulo onse atatu. Anatenganso dzanja lolemera la malume akewo.

Galaja yake inali bwalo lakuda ndi oyilo kuseri kwa mzere wa masitolo, lotchingidwa ndi malata adzimbiri. M'bwalomo munali shedi ya malume ake, shedi ya wowotcherera, ndi ya womata matayala, ndipo pachipata pankakhala mayi wogulitsa tiyi. Tsiku lina Khutu anali atayala tizitsulo ta injini pa katoni, kalikonse pamalo pake monga anatichotsera. Kondakitala wina, akuchita chibwana ndi anzake, anaponda katoniyo n'kumwaza zonse m'fumbi, kenaka anaseka. Khutu anatola sipanala yomasulira matayala n'kumumenya nayo kamodzi m'tsaya. Nsagwada inasweka, mano anagwera pakati pa manati, ndipo mnyamatayo anagona pomwepo miyendo ikunjenjemera. Khutu anakakhala kundende zaka zitatu.

Atatuluka anapeza malume ake atamwalira, shedi ili pululu. Zitsulo zonse anali atazitenga achemwali ake, mayi wosoka zovala, wamkulu kwa iye. Anazikulunga m'chiguduli cha oyilo n'kuziika kunsi kwa bedi. Atapita kukazitenga, achemwaliwo anaziyala patebulo la makina awo n'kuikapo dzanja.

"Ukuzifuna?"

"N'zanga, achemwali."

"N'zako, inde. Koma ine ndatopa kuima pamzere pa chipata cha ndende, akundisecha mpaka m'tsitsi ngati wolakwa ndine. Mnyamata uja ndinakamuona. Mpaka lero satafuna." Anasankha sipanala yaikulu ya malume ija n'kumupatsa. "Gwira iyi, ukuidziwa bwino. Nena kuti zitsulo izi zidzagunda galimoto basi. Thupi la munthu, ayi. Kaya akutukwane, kaya akulavulire."

"Nanga akandimenya?"

"Manja uli nawo. Miyendo yothawira uli nayonso."

Khutu ananena mawuwo, sipanala ili m'manja. Anabwerera m'shedi, anakwatira, anabereka ana. Ukali sunamuchoke. Makofi ankaponya, zibakera ankaponya, koma mkangano ukayamba anthu ankaona kuti choyamba ankaika pansi chitsulo chilichonse chimene chinali m'manja mwake.

Achemwali ake anakwatiwa mochedwa, ndi mwamuna wina wamkulu thupi amene anali ndi kalole kakale konyamulira mchenga ndi njerwa. M'galaja ankamutchula kuti Changu, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Pomwa tiyi changu, popopa tayala changu. Munthuyu ankadananso ndi phokoso. Akakhala pakhomo ana awo awiri ankayenda monyang'ama, ndipo makina osokera ankavindikiridwa ndi nsalu mpaka atachoka.

Masana ena Changu analowa m'bwalo ndi lole yake ikufuka nthunzi.

"Alamu, tamverani izi. Kunyumba makina osokera, mu lole makina osokera. Kodi mtundu wanu wonse ndi waphokoso? Tachotsani kugogodaku, changu."

Khutu anaika sikuludiraiva pakhutu. "Matapeti awiri atayirira pang'ono. Isiyeni igone pano. Mawa m'mawa ikazizira nditchuna."

"Mawa? Anthu akudikira mchenga."

"Ndiye pitani nayo. Kugogoda kumeneku sikupha injini."

"Ine ndikufuna ikhale chete, lero lomwe."

"Yotentha sindigwira. Ndiponso chete weniweni sindichita, alamu. Kulira pang'ono kumayenera kutsala."

Womata matayala anadzutsa mutu m'beseni lake la madzi. "A Changu inu, ndikhulupirira pobadwa munatuluka azamba asanasambe m'manja."

Bwalo lonse linaseka, mpaka mayi wa tiyi. Changu anamenyetsa chitseko n'kutuluka chafutambuyo. Anakaima m'mbali mwa msewu, anavundukula yekha, n'kumanga matapeti onse mpaka kugogoda kunatha. Madzulo anabwerera pachipata akuliza hutala.

"Mwamva, alamu? Palibe chomva. Sukulu yanu ya matapeti ija ndaimaliza ndisanadye n'komwe."

Khutu anamvetsera injiniyo ali pomwe anaima. Inali chete ndithu. "Kamasuleni lero lomwe," anatero.

Changu anaseka n'kupita.

Mwezi sunathe. Lole inayamba kufooka, kenaka kuphulika kupaipi, ndipo tsiku lina inazimira pachitunda itadzaza njerwa. Anaikoka ndi galimoto ina n'kudzaisiya m'bwalo, pafupi ndi shedi ya Khutu. Changu sanalowe. Anapita kunyumba n'kukauza mkazi wake kuti mchimwene wake ndi amene wapha lole, poti anakana dala kuikonza kuti amuchititse manyazi pagulu. Mkaziyo atayankha kuti Khutu anamuchenjeza, Changu anavula lamba. Lamba atamuthera ntchito anagwiritsa chibakera. Pomaliza ananyamula makina osokera n'kuwamenyetsa pasimenti.

M'mawa mwake achemwali aja anafika ku galaja. Diso lamanzere linali litatsekeka, mlomo utang'ambika, ndipo ankayenda atagwira nthiti. Khutu anali pansi pa galimoto ina. Anatuluka n'kuwayang'ana. Analowa m'shedi n'kutuluka ndi sipanala yaikulu ija, kulunjika kuchipata. Mayi wa tiyi anakokera ketulo yake pambali.

Achemwali ake anaima pakati pa chipata.

"Ukupita kuti ndi chimenecho?"

"Tapatukani, achemwali."

"Chimenecho ndi chimene unagwira polumbira."

"Munanena za ine. Akanditukwana, akandilavulira. Za inu simunanene."

"Ndikunena pano. Ukamupha, iwe ukafera kundende, ine n'kutsala ndi ana anga ndi ako omwe. Ukuona ngati wandithandiza? Ika pansi."

Khutu anaima nthawi yaitali akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Kenaka anatsegula dzanja, sipanala inagwa m'fumbi.

"Ndiye bwerani kwanga," anatero.

"Tizipinda tako tiwiri tija? Ndabwerera china. Konza lole."

"Ndikonze lole ya munthu amene wakuchitani izi?"

"Lole ikamayenda, sakhala pakhomo. Amachoka kusanache, amabwera atatopa. Ikafa, amakhala pampando tsiku lonse kumvetsera amene wagwetsa supuni. Sindikupempha chifukwa cha iye. Konza."

"Ndikonza," anatero Khutu.

Anachotsa hedi, chitsulo chonse chapamwamba pa injini, n'kupeza mavalavu awiri atadyeka m'mbali ngati buledi woluma makoswe. Anapeza ena kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kukhala masiku angapo akuwapekesa pakati pa zikhatho kuti akhale bwino pamalo pake. Changu ankabwera tsiku ndi tsiku kudzayang'ana. Khutu sankamuyankha moni. Wowotcherera ankalavula pansi Changu akamadutsa, ndipo mayi wa tiyi ankati tiyi watha ketulo ikuwira. Choncho Changu ankakwera mu lole yake n'kukhala pampando wa dalaivala, manja atapinda.

Linafika tsiku lomaliza. Hedi inali itabwerera, mabawuti atamangidwa, kwatsala kutchuna matapeti basi. Unali m'mawa, injini ili yozizira ngati mwala. Khutu anatambasula dzanja pawindo.

"Kiyi."

Changu anaponya kiyi. Khutu anamanga pachingwe n'kukoleka pakhosi, monga ankachitira moyo wake wonse. Chimene sanadziwe n'chakuti kiyi ameneyo ankangotsegula chitseko. Polowetsa kiyi wolizira panawonongeka kalekale, ndipo Changu ankaliza loleyo pogunditsa mawaya awiri kunsi kwa chiwongolero. Lole inabwera chokokedwa, ndiye Khutu sanaone momwe inkalizidwira. Akanachotsa waya wa batire sipakanachitika kanthu. Koma malume ake anamuphunzitsa za kiyi, ndipo kiyiyo anali pachifuwa pake akumumva kuzizira kwake.

Anachotsa mapulagi kuti injini ifewe pozungulira. Kenaka anawerama, dzanja lamanzere pa fani, lamanja likukoka lamba wa fani pang'onopang'ono, maso ali pa maroka kuti aone pamene kamkono kaima bwino. Pakafika, ankamasula nati, kulowetsa fila, kupotoza ndi sikuludiraiva mpaka fila ikakamire pang'ono, kumanga nati, kuyezanso. Kenaka kukokanso lamba.

M'magalaja ena sachita choncho. Makaniko amangouza dalaivala kuti agunde sitata pang'ono, injini idumphe yokha. Changu anazolowera zimenezo.

"Alamu, mukukoka ngati nkhalamba yotunga madzi pachitsime. Ndigunde sitata kuti tichite changu?"

Anali mawu oyamba amene Khutu anamuyankha chibwerere loleyo. "Ayi. Tsikanimo m'menemo."

"Ndikakhale kuti, poti anzanuwa akundiyang'ana ngati galu wachiwewe?"

Khutu sanabwerezenso. Anagwira kiyi pachifuwa pake n'kuweramanso. Chivindikiro chakutsogolo chinali chotukula, ndiye wa m'kati sankaona manja a wakunja. Ena amati Changu anachita dala. Ena amati anangotopa ndi kudikira. Zimene zinali mumtima mwake sindikuzidziwa, ndipo sindinama kuti ndikuzidziwa. Chodziwika n'chakuti anapisa dzanja kunsi kwa chiwongolero n'kugunditsa mawaya aja.

Injini yopanda mapulagi imazungulira mopepuka kwambiri. Lamba anakoka dzanja lamanja la Khutu n'kulilowetsa pa pule, kagudumu kamene lambayo amayendapo. Panamveka kulira ngati kuthyola nkhuni zouma. Fani inamumenya pamkono wamanzere n'kumukankhira kumbuyo. Anakhala pansi m'fumbi.

Poyamba sanamve kupweteka. Anangoona kuti dzanja lake lafupika. Chala cholozera ndi chapakati panalibe, chala chachikulu chinkalendewera pa kachikopa, ndipo magazi ankathovoka motsatana ndi kugunda kwa mtima. Anayang'ana kunsi kwa lole. M'beseni lolandirira oyilo munali zala zake ziwiri, zikhadabo zake zakuda zikuoneka. Anaziyang'anitsitsa. Zinali zala zimene malume ake anaziphwanya zaka zambiri kuti zimve fila.

Woyamba kufika anali wowotcherera. Sanapite kwa Khutu. Anatsegula chitseko cha lole, anagwira Changu mwendo n'kumukokera pansi, mutu n'kumenya pa chopondera. Womata matayala anabwera ndi paipi ya labala. Anabweranso madalaivala amene ankadikira magalimoto awo, ndi anthu a m'masitolo amene sankadziwa n'komwe chimene chachitika. Anamuponda m'nthiti, m'mimba, kumaso. Wina anazula thabwa pa benchi n'kumumenya nalo m'khutu, kenaka khutu linalo. Mayi wa tiyi anamukhuthulira ketulo kumsana. Changu anayesa kukwawira kunsi kwa lole, anamukoka. Anayesa kuphimba mutu, anamuponda manja.

Kenaka anthu anayamba kupatuka. Khutu anali ataimirira. Dzanja lovulala analipanikiza kukhwapa, malaya onse atafiira, ndipo kumanzere ananyamula sipanala yaikulu ya malume. Anayenda modzandira mpaka anaima pamutu pa mlamu wake.

Changu anatsegula diso limodzi. Magazi ankatuluka m'makutu onse. "Alamu," anatero, "ndimafuna kukuthandizani."

"Mumalize," anatero wina kumbuyo.

"Tonse sitinaone kanthu," anatero wowotcherera. "Mumalize, Khutu."

Khutu anatukula sipanala. Ankadziwa pomenya, pamwamba pa khutu pamene fupa ndi lopyapyala. Panalibe womuletsa pachipata tsiku limenelo. Mkono unali m'mwamba, ndipo m'mutu mwake munkamveka mawu a achemwali ake aja, osati ofatsa, koma okalipa ngati a munthu wotopa: galimoto basi, thupi la munthu ayi.

Anatembenuka n'kumenya galasi lakutsogolo la lole. Linasweka n'kugwera pampando. Anamenya nyali yakumanja, yakumanzere, anamenya chitseko mpaka chinalowa m'kati, anamenya galasi loonera kumbuyo, anamenya denga. Ankamenyabe mpaka miyendo inamukana n'kugwa chafufumimba pambali pa tayala. Pamenepo ndi pamene anthu anakumbukira kuti pali munthu wofunika kumumanga mkono n'kuthamangira naye kuchipatala. Anawanyamula onse awiri m'galimoto imodzi, miyendo itagundana.

Madokotala anasoka chala chachikulu, koma chinatsala chouma, chosapindika. Ziwiri zija zinakwiriridwa kuseri kwa shedi ndi womata matayala. Apolisi atabwera kudzafunsa amene anamenya Changu, bwalo lonse linati linali kuchimbudzi nthawi imeneyo.

Achemwali ake anabwera kuchipatala tsiku lotsatira, diso lawo likadali lobiriwira. Anayang'ana mtolo wa mabandeji uja nthawi yaitali.

"Ndine ndinakutuma," anatero.

"Munandituma kukonza lole. Dzanja ndinaika ndekha."

"Zimene unalumbira zija, ndakumasula. Ukatuluka muno chita zimene ukufuna."

"Mwachedwa, achemwali. Mukanabwera dzulo m'mawa."

"Sindikuseka."

"Nanenso sindikuseka." Khutu anayang'ana kudenga. "Amuna anu ali m'chipinda chachiwiri kuchokera pano. Ndafunsa kale. Mukandimasula, safika usiku ali moyo. Ndiye akadzatha iyeyo padzabwera wina woponda katoni yanga. Ine ndimadzidziwa. Musandimasule."

Achemwali ake anati, "Tizipinda tako tija tilipobe?"

"Tilipo. Tiwiri tomwe tija."

Tsiku lomwelo anasamuka ndi ana awo, ndi makina osokera ophwanyika aja atawamanga m'nsalu. Sanabwererenso kwa Changu.

Lole inatsala m'bwalo, yopanda magalasi, injini ili yovundukula. Palibe makaniko wa m'deralo amene anavomera kuigwira. Nkhuku zinayamba kuikira pampando wa dalaivala. Wowotcherera anati aidule azigulitsa zidutswa, koma Khutu anamuuza kuti akangoyandikira ndi moto wake adzaona.

Atachira anabwerera m'shedi, ndipo miyezi imeneyo inali yoipa. Dzanja lamanzere linali ndi mphamvu koma linali logontha. Akalowetsa fila sankadziwa ngati yakakamira kapena yadutsa. Anatenga hedi yakutha n'kuiika pabenchi, ndipo tsiku lonse ankamasula, kuyeza, kumanga, kumasulanso. Sipanala inkapulumuka m'dzanja lodukalo. Ankatukwana malume ake m'manda, kutukwana Changu, kutukwana aliyense wodutsa. Tsiku lina anagenda hediyo ndi nyundo mpaka nyundo inathyoka mpini. Kunyumba ana ankathawira panja akamva mapazi ake. Makasitomala ambiri anapita kwina.

Womata matayala ndi amene anadula kalamba ka chubu n'kubwera nako. "Bweretsa chiphwanyacho kuno," anatero, n'kumangirira sipanala kudzanja lodukalo. "Tsopano ndiwe theka munthu, theka bokosi la zitsulo. Mkazi wako azigona kutali."

Khutu anamutukwana, koma sanamasule. Kuyambira pamenepo lamanja linkagwira nati, lamanzere linkapotoza ndi kuyeza. Pang'onopang'ono zala zakumanzere zinayamba kumva. Sizinafike pa zija zinakwiriridwa kuseri kwa shedi, ndipo iye mwini amanena zimenezo. Ntchito imene kale ankaimaliza tiyi asanazizire tsopano inkamutengera m'mawa wonse.

Tsiku lina anathamangitsa nkhuku mu lole ija. Anapita kwa ogulitsa zakale n'kubwera ndi galasi, nyali ziwiri ndi galasi loonera kumbuyo. Chitseko anachiwongola yekha ndi nyundo.

"Ukukonzera ndani?" anafunsa wowotcherera. "Mlongo wako anachokako kale. Lole iyende, isayende, kwa iye n'chimodzimodzi."

"Ndinati ndikonza."

"Unauza munthu amene sakuifunanso."

"Ndinauza. Gwira galasili."

M'mawa wotsatira, asanachite chilichonse, anamasula waya wa batire n'kuukoka kutali. Kuyambira tsiku limenelo ndilo lamulo lake lachinayi. Kiyi amakolekabe pakhosi, koma samukhulupiriranso. Pa lamba panali pakadali madontho akuda. Anachotsa lambayo n'kuika watsopano, kenaka anazungulitsa injini ndi sipanala yaitali, osati ndi dzanja. Anatchuna matapeti onse, kuyambira pamene analekezera tsiku lija. Anakonzanso polowetsa kiyi, mawaya awiri aja n'kuwabisa. Ataliza, injini inagwira msanga, ndipo kunsi kwa kulira kwake kunkamveka kugogoda kochepa, kofanana, ngati wotchi.

Anatuma uthenga. Changu anabwera patapita masiku, ataonda, akuyenda mopendekera, mutu ataupotoza ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Khutu limodzi linali litafa, linalo linkamva pang'ono. Anaima pachipata osalowa mpaka Khutu anamukodola. Bwalo lonse linasiya ntchito.

Khutu analiza lole n'kutsika. Changu anayandikira, anaweramitsa mutu pa injini, anatembenuza khutu lamoyo lija.

"Ili chete?" anafunsa mokweza, monga amayankhulira anthu osamva.

"Ikulira momwe iyenera kulirira."

"Mwati?"

Khutu anavula chingwe pakhosi ndi dzanja lodukalo n'kumupatsa kiyi. Changu anayang'ana dzanjalo, kenaka anayang'ana kumbali.

"Nanga mayi a ana, alamu?"

Khutu anayandikitsa pakamwa pa khutu lake kuti amve bwino. "Ndinalonjeza lole," anatero. "Kwerani muzipita. Changu."

Anakwera n'kupita, ndipo palibe amene anaseka.

Anthu ena a kutchalitchi amakonda kunena kuti Khutu anakhululuka. Sanakhululuke. Dzina la mlamu wakeyo likatchulidwa amalavula, ndipo kukazizira, zala zimene kulibe zikayamba kumuwawa, amakhala pakhomo pa shedi osayankhula ndi munthu. Makina osokera aja anawakonza yekha, ndipo achemwali ake anasoka nawo m'kachipinda kake zaka zambiri, usana wonse, mokweza momwe ankafunira. Anamwalira chaka chapitacho. Changu akadali moyo, amakhala misewu iwiri kuchokera ku galaja, ndipo nthawi zina amadutsa pachipata ndi ndodo yake, pang'onopang'ono. Khutu amamuona. Sipanala ya malume ili pa msomali, pamene dzanja lamanzere lingafike osadzuka pampando, ndipo amene anamulumbiritsa kulibenso. Mpaka lero chitsulo cha Khutu sichinagundenso thupi la munthu.